Mzinda wa Lusaka ukukula: tigwetse ziti, tisunge ziti?

Munthu amene anacoka mu Lusaka zaka 20 zapitazo, atati abwere lero pa basi yocokera ku Chipata, angathe kusokera asanafike n'komwe ku Intercity. Pa Chelstone adzapeza mashopu pamene anasiya chire. Pa Munali ndi pa Arcades basi idzakwera pa milatho imene iye sanaionepo. Akapita kukaona abale ku Woodlands kapena ku Kabulonga, adzapeza kuti mayadi ambiri amene anali ndi nyumba imodzi ndi mitengo ya mango tsopano muli maofesi, mafulati kapena malo omwetsera mafuta.

Ambiri a ife timakondwera ndi kusintha kumeneku, ndipo palibe colakwa. Ana athu ena apeza nchito yomanga, ena akugulitsa m'masitolo atsopanowo. Koma pali nkhani imene tifunika kuikambirana nthawi isanathe. Pulani yaikulu ya mzinda uno, imene inalembedwa mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, inaona patsogolo mpaka caka ca 2030. Caka cimeneco cili pakhomo. Zimene zidzalembedwa mu pulani yolowa m'malo mwake ndi zimene zidzagamula kumene mlimi wa ku Chongwe adzatsitsira matimati ake, ngati mjigo wa pa parishi udzakhalabe ndi madzi, ndiponso ngati adzukulu athu adzapeza kanthu kowauza kumene mzinda uno unacokera.

Maganizo athu ndi akuti citukuko ndi kusunga zakale zingathe kuyendera limodzi. Zimene zacitika mu Lusaka momwe muno zikuonetsa kuti malo ambiri akale, amene ena amati ndi otsalira, ndi amene akudyetsa mabanja, ndipo kuti tikawataya timadzalipira mtengo waukulu pambuyo pake.

Mzinda umene sanamangire ife

Lusaka anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka sitima, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1913 pamalopo panakhazikitsidwa kabungwe koyamba koyendetsa tauni, n'cifukwa cake mu 2013 tinakondwerera zaka 100 za mzindawu. Mu 1931 boma la atsamunda linasankha Lusaka kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo likulu linasamukira kuno mu 1935. Katswiri wocokera ku London, Profesa Stanley Adshead, ndiye anajambula pulani yoyamba, ndipo P.J. Bowling anaikonzanso. Iwo anafuna mzinda wa misewu yotakata, mitengo yambiri ndi mayadi aakulu, pa citunda ca kum'mawa kwa njanji kumene lero kuli Ridgeway ndi maofesi a boma.

Pulani imeneyo inali ya anthu zikwi zowerengeka cabe, ndipo munthu wakuda sanamuwerengere ngati mwini mzinda. Anali wanchito wobwera yekha, wosiya mkazi ndi ana kumudzi, amene nchito ikatha anayenera kubwerera kwao. Lamulo lolola kumangira mabanja a anthu akuda nyumba m'matauni linabwera mu 1948, ndipo Chilenje ndi Matero anakula pambuyo pake. Amene anasowa nyumba za khonsolo anakacita lendi pa mafamu a azungu ozungulira mzinda. Maina a makomboni monga George, John Laing, John Howard ndi Marrapodi akutikumbutsa eni malowo mpaka lero.

Ufulu utabwera mu 1964, ziletso zolowera m'tauni zinatha ndipo anthu anakhamukira ku likulu. Mu 1970 malire a mzinda anakuzidwa kucoka pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360. Kampani ya Doxiadis ya ku Greece inalemba pulani ina m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira mu 1974 Banki ya Dziko Lonse inathandiza kulowetsa mipopi ndi misewu mu George, Chawama, Chaisa ndi Chipata Compound. Koma anthu anaculuka mofulumira kuposa mapepala a akatswiri. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi 7 mwa anthu 10 alionse amakhala m'makomboni amene anayamba popanda pulani.

Takumbutsa mbiri imeneyi cifukwa vuto lake likadalipo. Mapulani a mzinda uno akhala akulembedwa ndi anthu ocepa, ambiri a iwo alendo, ndipo eni mzinda amangomva zitatha.

Phunziro la ku Kabwata

Onse amene amadutsa mu Burma Road amadziwa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ta pa Kabwata Cultural Village. Koma si onse amene amadziwa kuti tinyumbato sitinamangidwe kuti tikondweretse alendo. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 atsamunda anamanga tinyumba totere pafupifupi 300 kuti muzigona anchito akuda. M'kacipinda kamodzi kotere ndi mmene agogo athu ambiri anayambira moyo wa m'tauni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 tambiri tinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati a Kabwata. Mu 1974 boma linasiyako tinyumba 43 ndi kutisandutsa malo a osema ziboliboli, oluka, oumba ndi ovina magule a makolo.

Wina angafunse kuti, tisungirenji zinthu zotikumbutsa kunyozedwa kwathu? Funsolo ndi lomveka. Koma tiyeni tione zimene zacitika m'zaka zoposa 50 kucokera pamenepo. Mabanja a osema apezapo cakudya ndi ndalama za sukulu. Alendo akunja amene akanangogona mu hotela n'kupitirira ku Livingstone kapena ku Mfuwe amaima pa Kabwata n'kusiya ndalama m'manja mwa munthu wamba. Ana a sukulu amaona ndi maso ao mmene makolo ankakhalira. Ndipo mafulati aja anamangidwabe. Anthu anapeza pogona, mbiri nayo inatsala.

Zitsanzo zina zilipo. Nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene Dr Kenneth Kaunda anakhala kuyambira mu Januwale 1960 mpaka mu Disembala 1962 akutsogolera cipani ca UNIP, inasungidwa pamodzi ndi Land Rover imene anayendera pomenyera ufulu. Ku Chelstone kuli nyumba imene munkakhala Oliver Tambo pa nthawi imene likulu la cipani ca ANC ca ku South Africa linali mu Lusaka. Mu Okutobala 2017 Pulezidenti Edgar Lungu ndi Pulezidenti Jacob Zuma anaitsegula ngati cikumbutso ca dziko.

Ku Soweto wa ku Johannesburg, nyumba ya Nelson Mandela mu Vilakazi Street yacititsa kuti msewu wonse udzaze ndi malo odyera, ogulitsa zaluso ndi acinyamata oonetsa alendo malo. Ife tili ndi mbiri yofanana nayo, pakuti zipani zambiri zomenyera ufulu wa maiko oyandikana nafe zinapeza pobisala mu Lusaka. Cimene tilibe ndi njira yolumikiza malowa, kuti mlendo akayamba pa Kabwata apite ku Chilenje, adye nsima pa msika, n'kukathera ku Chelstone. Imeneyo ndi nchito ya acinyamata athu imene ikugona pansi.

Mpata umene uli m'lamulo

Lamulo la 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, linaika malire pa tsiku la 1 Januwale 1924. Cimene cinamangidwa tsikulo lisanafike cimawerengedwa kuti ndi cuma ca makedzana, ndipo palibe wololedwa kucigwetsa popanda cilolezo. Cimene cinamangidwa pambuyo pake cimatetezedwa pokhapokha nduna italengeza kuti ndi cikumbutso ca dziko.

Apa ndi pamene pali vuto la Lusaka. Likulu linayamba kumangidwa 1931 itadutsa, conco pafupifupi zonse zimene timaziona ngati zakale mu mzinda uno ndi za pambuyo pa 1924. Ngakhale Cathedral ya Holy Cross ya mpingo wa Anglican ndi ya 1962. Ndiye kuti kachalichi koyamba ka parishi, holo ya anthu onse m'komboni, sukulu imene makolo anamanga ndi manja ao, kapena msika wakale, zonsezi zingagwe m'mawa umodzi ngati palibe amene anazilembetsa.

Pano ife a mipingo tisaloze cala khonsolo yokha. Ndi kangati pamene tasonkha ndalama za chalichi cacikulu, n'kugwetsa kakale kamene agogo athu anaumbira njerwa, pamene kakanatha kukhala holo ya ana a katekisimu kapena kalasi ya amai osoka? Ndi maparishi angati amene mabuku ao a ubatizo ndi a maukwati a zaka za m'ma 1950 ali m'kabati yodontha, ciswe cikudya? M'mabuku amenewo muli maina a anthu amene anamanga Lusaka, midzi imene anacokera ndi zaka zimene anafika. Akaonongeka palibe kumene tidzawagula.

Msika ndi cuma cakale cimene cikali ndi moyo

Kwa mlimi, malo ofunika kwambiri mu Lusaka ndi Soweto. Kusanace magalimoto ocokera ku Chongwe, Chibombo, Mumbwa, Kafue ndi Mkushi amakhala atafika kale ndi matimati, anyezi, kabichi ndi repu. Mitengo imene imapangidwa pamenepo m'mawa ndi imene amai a pa tuntemba ta ku Kabwata ndi ku Chelstone amatsatira masana. Komabe alimi ambiri amatsitsira katundu wao pa fumbi kapena m'matope, popanda pofikira pabwino, popanda cipinda cozizira, ndipo amagulitsa kudzera mwa anyamata apakati amene amatengapo gawo lao. Matimati akaculuka, otsala amaolera pomwepo.

Mbiri ya misika ndi mavenda m'kati mwa tauni yakhala yongozungulira. Mu 1999 mavenda anacotsedwa m'misewu. Pambuyo pa cisankho ca 2011 analoledwa kubwerera. Pa 4 Julayi 2017 moto unanyeketsa City Market ndipo mazana a ogulitsa anataya katundu wao yense. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, asilikali anacotsanso mavenda. Pang'onopang'ono anabwerera, ndipo mu Julayi 2023 anacotsedwanso. Boma lililonse lacita cimodzimodzi, kucotsa anthu lisanakonze malo okwanira pamene pamadutsa ogula. Wogulitsa amatsata kumene kuli makasitomala. Mukamupatsa tebulo pamalo pamene sipadutsa munthu, mawa mudzamupeza mu Lumumba Road.

M'zaka zomwezo kunabwera masitolo aakulu amene timawacha ma mall. Manda Hill anatsegulidwa mu 1999, Arcades mu 2003, Levy Junction mu 2011, kenaka East Park pa malo a yunivesite, Lewanika pafupi ndi bwalo la mpira la Woodlands ndi Centro ku Kabulonga. Malowa alemba nchito anthu ambiri ndipo amalipira msonkho. Koma mlimi wa mabokosi khumi a matimati salowamo. Sitolo yaikulu imafuna katundu wofanana sabata iliyonse caka conse, ndipo imalipira patapita masiku. Mlimi wamng'ono afuna ndalama tsiku lomwelo kuti agule feteleza ndi kulipira galimoto. Msika wake ndi wa khonsolo, ndipo misika ya khonsolo ili pa malo a ndalama amene ambiri amawasirira. Msika wa Luburma ku Kamwala unaperekedwa kwa kampani ya ku China pa pangano la zaka 65 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ogulitsa ambiri anadandaula kuti lendi ya mashopu atsopano inawakulira.

Ma mall anakokanso masitolo ndi maofesi kucoka mu Cairo Road. Nyumba ya Society House, imene inapsa mu 1997, inakhala bwinja zaka zambiri kufikira pamene bungwe la NAPSA linaikamo ndalama zankhaninkhani za penshoni ya anchito n'kuisandutsa Society Business Park. Mu 2024 onse amene ankacita malonda mmenemo anauzidwa kuti atuluke cifukwa akatswiri anakayikira kulimba kwa mbali zina za cimangoco. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cinthu catsopano ndi conyezimira sicikhala cabwino nthawi zonse kuposa cakale.

Ku Durban, ku South Africa, khonsolo inayesa njira ina pa malo ochedwa Warwick Junction. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a khonsolo anakhala pansi ndi ogulitsa eni ake, nawafunsa kumene ogula amadutsa ndi zimene malonda alionse amafuna. Kenaka anamanga madenga, matebulo ndi mosungira katundu pamalo pomwepo. Mu 2009, pamene kunabwera ganizo logwetsa msika wakale wa ndiwo kuti pamangidwe mall, ogulitsa anakana mpaka kukhoti, ndipo msikawo unapulumuka. Palibe cotiletsa kucita zotere pa Soweto.

Nkhalango ndi madzi a pansi

Pali colowa cina cakale kuposa nyumba iliyonse, ndico madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu umene uli ndi ming'alu ndi mapanga. Mvula ikagwa imalowa msanga pansi, ndipo madzi amenewo ndi amene mijigo imapopa. Madzi a mzinda uno ena amacokera ku mtsinje wa Kafue, koma gawo lalikulu limacokera pansi pa mapazi athu. Ming'alu yomweyo imene imalowetsa mvula imalowetsanso zonyansa za m'zimbudzi zokumba. Nyumba zocepa cabe mu Lusaka ndi zimene zinalumikizidwa ku mapaipi a zonyansa.

Zotsatira zake tonse tazilira. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo m'madera ena ngakhale mapemphero a pa Sande analetsedwa. Imene inayamba mu Okutobala 2023 inali yoopsa koposa. M'dziko lonse odwala anaposa 20,000 ndipo omwalira anaposa 700, mpaka bwalo la National Heroes linasanduka cipatala.

Tsono taganizirani nkhani ya Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa mzinda, kupitirira Woodlands ndi Kabulonga. Inatetezedwa ndi lamulo mu 1957 cifukwa ndi kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira, ndipo Chalimbana amathira mu Chongwe. Mu 1983 citetezo cinacotsedwa, mitengo inadulidwa, ndipo anthu a kumunsi anaona mtsinje ukuphwa. Iwo anadandaula ku boma, ndipo mu 1996 nkhalangoyo inatetezedwanso. Koma pakati pa 2017 ndi 2019 mbali yaikulu inacotsedwanso m'citetezo n'kugawidwa mapuloti, ndipo nkhaniyo inafika m'makhoti. Puloti limodzi limapindulitsa banja limodzi. Mtsinje ukauma, amene amavutika ndi alimi onse a madimba ndi a ziweto a ku Chongwe, amene sanafunsidwe n'komwe. Cilala ca 2024, pamene mijigo yambiri inaphwa, cinatikumbutsa kuti madzi a pansi ali ndi polekezera.

Ndalama zikuluzikulu zalowa mu mzinda uno. Boma la America, kudzera mu Millennium Challenge, linapereka pafupifupi madola 355 miliyoni pakati pa 2013 ndi 2018 pa nchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande, kuphatikizapo mfolo waukulu wa Bombay. Nchito ya misewu ndi milatho ya pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, imene kampani ya Afcons ya ku India inagwira kuyambira mu 2018, inadya pafupifupi madola 289 miliyoni, ambiri a iwo a ngongole. Koma ngalande ya simenti singathe kugwira nchito yonse imene dambo ndi nkhalango zinkagwira kwaulere. Tikamanga pa dambo, madzi amene ankakhala pamenepo amakalowa m'nyumba ya munthu wina ku Kanyama kapena ku Misisi.

N'cifukwa ciani mapulani amafera m'kabati?

Ife tikuona zifukwa zitatu. Coyamba ndi umphawi wa khonsolo. Mu 1996 boma linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo. Mabanja ambiri ku Kabwata, Libala, Chilenje ndi Chelstone anakhala eni nyumba, ndipo ico cinali cabwino. Koma khonsolo inataya lendi imene inali kuithandiza kugwira nchito. Khonsolo yosowa ndalama imayamba kuona bwalo la masewera a ana kapena kamunda ka maluwa ngati puloti logulitsa.

Caciwiri ndi ndale. Takhala tikuona makada a zipani zolamula, m'maboma osiyanasiyana, akugawa mapuloti ndi kutolera ndalama m'misika ndi pa masiteshoni a mabasi. Nyumba zikamangidwa pamalo oletsedwa cisankho cili pafupi, palibe wofuna kuzikhudza. Cisankho cikatha, amene amagwetseredwa nyumba ndi wosauka amene anagula puloti mosadziwa, pamene wogulitsa ali phee.

Cacitatu ndi cakuti mzinda unasefukira kale kunja kwa malire ake. Nyumba za Lusaka zafika m'maboma a Chongwe, Chilanga, Kafue ndi Chibombo, kumene kuli makhonsolo ena, ndipo malo ena ali m'manja mwa mafumu. Unduna wa za malo umapereka mapepala ake, khonsolo ilinso ndi ake. Minda imene inkadyetsa mzinda ikudulidwa mapuloti popanda wosiya malo a msewu, sukulu, msika kapena manda.

Tisanene ngati kuti zakale zonse ziyenera kukhala mmene zilili. Mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni sungasunge yadi lalikulu la banja limodzi paliponse ku Kabulonga ndi ku Woodlands, pamene aphunzitsi ndi manesi akukwera mabasi awiri kuti afike ku nchito. Kumanga mafulati pafupi ndi tauni kumapulumutsa minda ya ku Chongwe. Cimene tikukana ndi kumanga mosawerengera, mafulati 20 pa yadi limene linali la nyumba imodzi, aliyense ndi mjigo wake pafupi ndi dzenje la zonyansa, mitengo yonse itadulidwa ndipo bwalo lonse litathiridwa simenti. Walira mvula walira matope, koma munthu wanzeru amakumba ngalande mvula isanagwe.

Zimene ife tingacite

Lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la 2015, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, linapatsa anthu wamba mpata wolankhula. Khonsolo ikamalemba pulani ya citukuko ca dera lake iyenera kufunsa anthu ndi kuionetsa poyera kuti amene ali ndi dandaulo alipereke. Munthu akafuna kusintha nchito ya malo, mwacitsanzo nyumba yogonamo kuti ikhale malo omwera mowa kapena omwetsera mafuta, cidziwitso cimatuluka m'nyuzipepala ndipo pamakhala masiku operekera madandaulo. Pa zimango zikuluzikulu, bungwe la ZEMA loona za cilengedwe limalandiranso maganizo a anthu. Ambiri a ife timadumpha masamba a zidziwitso amenewa, ndipo timadzidzimuka thirakitala itafika kale. Madzi akatayika saoleka.

Conco tikupempha zinthu zocepa zimene zili m'manja mwathu. Parishi iliyonse, kudzera m'kabungwe ka cilungamo ndi mtendere kapena m'miphakati, isankhe munthu mmodzi kapena awiri oti aziwerenga zidziwitso za malo ndi kuzilengeza pa Sande. Dandaulo lolembedwa ndi kusainidwa ndi anthu 200 limamveka kuposa kung'ung'udza pa maliro.

Caciwiri, dera lililonse lilembe mndandanda wa zinthu zimene silifuna kutaya: chalichi coyamba, mtengo umene anthu ankasonkhanapo, bwalo la mpira, citsime, manda akale, msika. Acinyamata akhale pansi ndi agogo, alembe zimene akukumbukira, ajambule zithunzi ndi mafoni ao. Mndandandawo upite kwa khansala, ku kabungwe ka citukuko ca wadi ndi ku National Heritage Conservation Commission. Cinthu colembedwa cimavuta kucigulitsa usiku.

Cacitatu, ndalama za citukuko ca dera la phungu, za CDF, zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Zopempha zimayambira m'mawadi. Denga la pa msika, cimbudzi ca madzi, ngalande, kapena kukonza holo yakale kuti acinyamata aziphunziramo ukalipentala, zonsezi zingapemphedwe. Amene sapita ku msonkhano wa wadi asadabwe ndalama zikapita kwina.

Cacinai, alimi ndi makopaletivu ao asaone pulani ya Lusaka ngati nkhani ya anthu a m'tauni okha. Apemphe kuti pulani yatsopano iike malo enieni a misika ya pikulitsa m'misewu ikuluikulu yolowera mu mzinda, ya Great East, Great North, Kafue ndi Mumbwa, okhala ndi denga, madzi, zimbudzi ndi zipinda zozizira. Apemphenso kuti magwero a mitsinje ndi madambo alembedwe pa mapu ngati malo osamangapo, ndipo mapuwo apacikidwe poyera pamene aliyense angawaone.

Kwa aphungu athu tikuti, caka ca 1924 cimene cili m'lamulo la zakale ciunikidwenso. Zaka zoposa 100 zapita kucokera pamenepo, ndipo mbiri yonse ya likulu lathu, ya kumenyera ufulu ndi ya mipingo yathu ya m'tauni, ili kuseri kwa malire amenewo.

Amene anasiya tinyumba 43 ta pa Kabwata mu 1974 analinso ndi anthu osowa pogona ndi ndalama zocepa, monga ife lero. Anamanga mafulati, nasiyanso kanthu ka adzukulu. Adshead sanatifunse mu 1931 cifukwa sanatiwerengere. Lero lamulo likuti tifunsidwe, ndipo tikakhala cete mlandu udzakhala wathu. Mutu umodzi susenza denga. Msonkhano wa wadi ukaitanidwa, tiyeni tikapezekeko, mlimi ndi wa m'tauni yemwe, mndandanda wathu uli m'manja.